Gancho wa Lachiwiri

Totana, 2 Febuluwale 2003

Wokondedwa ñaña, m'bale wanga Yadira,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ababa ndi Anti Targelia. Ine kuno ku Spain ndilipo. Ndimadzuka, ndimapita kukalongedza letesi m'makatoni, ndimabwerako, ndimagona. Chaka chachitatu chino.

Kalata yako ndalandira. Masamba anayi, Yadira. Ndinaiwerenga kawiri kufunafuna pamene walemba za ababa, ndipo ndinapeza mzere umodzi wokha, woti ali bwino. Kwina konseko ndi za filimu ya mzukwa wokhala m'chikepe. Amayi atisiya mu Ogasiti, ine kumaliro sindinabwere chifukwa ndikanatuluka muno opanda mapepala sakanandilolanso kulowa. Ndiye zimene ndimadziwa za kwathu ndi zokhazo zimene umandilembera iwe. Pa foni ya kugolosale ya Doña Zoila sitingakambe kanthu, mayi uja amasiya ndi makasitomala omwe kuti atchere khutu.

Tsopano tamvera. Kuno zamveka kuti kuyambira Ogasiti chaka chino aliyense wochokera ku Ecuador azifunika viza. Ukudziwa kuti anthu ngati ife viza sitipatsidwa. Khomo likutsekeka, ñaña. Ndalankhula ndi kapitawo wathu, akuti malo alipo. Bedi lilipo, tizigona awiri ngati kale. Tikiti ndigula ine. Maphunziro ako a uphunzitsi unamaliza mu Disembala, ndipo ntchito kumeneko wanena wekha kuti kulibe. Ababa sakhala okha, Anti Targelia ali khomo loyandikana, ndipo chiyambire kumwalira kwa mkulu wawo sanaphonyepo tsiku osabweretsa supu.

Undiyankhe za zimenezi. Ababa akudya? Akulankhula? Za mizukwa ayi.

Ndine mkulu wako,
Nube


Cuenca, 20 Febuluwale 2003

Ñaña wanga Nube, mfumukazi ya letesi,

Moni wa tonse kuno. Tili bwino, mvula ikugwa masana aliwonse ngati inalembedwa ntchito. Anthu ayamba kale kuponyerana madzi chikondwerero cha Carnaval chisanafike n'komwe, dzana andithira chidebe chonse kumsana ndikuchokera kumsika, ndinatukwana mpaka Anti anachita chizindikiro cha mtanda kawiri.

Wati za mizukwa ayi. Chabwino, iyi ilibe mzukwa, ili ndi hatchi. Tamvera ñaña. Mzibambo wina wa ku Amereka wangotuluka kumene kundende, wamva kuti mwana wake wamkazi akukwatiwa kuseri kwa mapiri, koma misewu yonse yatsekeka ndi chipale chofewa. Ndiye akuba hatchi ya apolisi. Ya apolisi, ñaña. Ola lathunthu ndi iyeyo ndi hatchiyo basi, akuilankhula ngati munthu, kuiululira machimo ake onse ngati ndi wansembe. Pomaliza akufika ukwati utadalitsidwa kale, akungoima pawindo kuonerera anthu akuvina, kenako akutembenuka kukabweza hatchi kupolisi. Anthu anakuwiza. Wina kumbuyo anati bola hatchiyo ndi imene ikanakwatiwa. Ine ndinaikonda kwambiri, ngakhale ndevu za mkuluyo zinali zomata, zinkachita kuonekeratu pafupi ndi khutu.

Holo ya kanema ya Alborada ikadali momwe unaisiyira, mipando yolira ija, fungo la mbuliwuli ndi chinyezi. Anthu ambiri athamangira ku makanema atsopano a kusitolo yaikulu ya magalasi, kumene kumazizira ngati kumochale ndipo ukatsokomola amakuyang'ana. Koma kumeneko kulibe gancho. Ku Alborada Lachiwiri likadali la gancho, awiri pa tikiti imodzi, bola mulowe mutakolowekana mikono. Don Arcesio wa pakhomo uja wakalamba koma lamulo lake silinakalambe. Sabata yatha anabweza asisitere awiri chifukwa analowa wina patsogolo wina pambuyo, anawauza kuti gancho ndi ngowe, ngowe yosakola kanthu ndi waya chabe. Anachita kubwerera pamzere n'kugwirana.

Ine gancho wanga ndili naye wokhazikika, sajomba, nthawi ikangokwana hafu pasiti thuu amakhala ataima kale pakhomo. Sabata yamawa kuli ya ku France, akuti anthu amangodya chakudya chamadzulo maola awiri n'kumanyozana. Ndikuiyembekezera ngati Khirisimasi.

Za Spain ndamva. Ndikuganizabe. Ababa akudya.

Mng'ono wako wokongola kuposa iwe,
Yadira


Totana, 12 Malichi 2003

Yadira,

Moni. Ndili bwino.

Ndakufunsa za moyo wako wonse, iwe wandiyankha ndi mawu awiri, kenako hatchi. Koma ndaona pamene pagona nkhani. Gancho wokhazikika, wosajomba. Ndani ameneyo? Ndi wa ku koleji? Amagwira ntchito? Kapena ntchito yake ndi yoima pakhomo hafu pasiti thuu?

Ine si mwana, ñaña. Ndaona atsikana angati kuno amene anachedwa chifukwa cha mwamuna, mwamunayo n'kudzakwera ndege yekha. Munthu wolephera kukugulira tikiti yakoyako ya kanema ndi amene ukufuna kutayira mwayi umenewu?

Undiuze dzina lake. Ukapanda kundiyankha mwezi uno usanathe ndilembera ababa.

Nube


Cuenca, 6 Epulo 2003

Ñaña Nube,

Moni. Kalata yako yafika dzulo, inagona masabata atatu kuofesi yotumiza katundu, akuti inalowa m'katoni ya nsapato za munthu wina wa ku Azogues. Ndaseka mpaka m'mimba kupweteka, kenako ndasiya kuseka. Ukufuna dzina? Dzina lake ndi Efraín Armijos, zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri, ntchito yake ndi yosita zipewa, ndipo ndi bambo ako.

Ndikuuza chinthu, koma chithere pomwepa. Ngakhale Anti sakuchidziwa.

Patatha mwezi chiikire amayi, Lachiwiri lina ndinawapeza ababa ataima pakhomo, avala chipewa chawo choyera chija ndi jekete. Anangoima, monga ankaimira kudikira amayi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinatenga juzi n'kuwakoloweka mkono. Titalowa, magetsi atazima, azungu atayamba Chingerezi chawo, timawu tomasulira tija titayamba kutuluka m'munsi mwa chinsalu, ndinaona mutu wawo ukupendekera kwa ine. Ndinkayesa akusinza. Patapita kanthawi ananong'ona kuti, “Mija, mwana wanga, akuti chiyani?”

Ndinawafunsa ngati aiwalanso magalasi.

Anati, “Amayi ako sankafunsa zimenezo.”

Nube, ababa satha kuwerenga. Si maso ayi. Dzina lawo amalemba, manambala a zipewa amawadziwa kuposa aliyense, koma basi. Magalasi amene amaiwala aja ndinawayesa, ndi galasi wamba ngati la pawindo. Ukukumbuka mmene tinkawasekera tili ana, titakhala kumbuyo kwawo, amayi pakamwa pali pakhutu la ababa filimu yonse? Iwe unkati akuuzana zachikondi, unkachita ngati ukusanza. Amayi ankawawerengera. Filimu iliyonse, mzere uliwonse. Za ana zojambula zokha ndi zimene zimalankhula chathu, koma ababa amati sangakakhale pakati pa makanda.

Tsopano wowerenga ndine. Poyamba ndinkachedwa, timawuto timathawa, ndiye ndinkadumpha. Pano ndine katswiri, ndimasinthanso mawu, wa mwamuna ndimanenepetsa, wa mkazi ndimachepetsa. Ndazindikiranso kuti amayi ankabera. Tsiku lina ndinawerenga chitukwano momwe chinalembedwera, ababa anandigunda ndi chigongono n'kunena kuti azungu a masiku ano alibe mwambo, a kale akakwiya ankangoti “choka apa, bulu iwe.” Ndinangoti eya, asintha.

Wafunsa ngati akulankhula. Lolemba salankhula. Lachitatu mpaka Lamulungu salankhula. Amasita zipewa, amadya mote wawo, chimanga chowiritsa chija, ndi dzira, amayang'ana khoma. Koma Lachiwiri tikatuluka timayenda wapansi m'mbali mwa mtsinje wa Tomebamba mpaka kunyumba, ndipo pakamwa sipatsekeka. Za hatchi ija tinakangana njira yonse, iwo akuti mkuluyo anachita bwino kusalowa, munthu usamaononge phwando la mwana wako ndi nkhope yako. Ya ku France ija anati anthu amenewo akusowa ntchito. Anasekanso, ñaña, mano kuoneka.

Ndiye ukamati ndikulembere za ababa, zimene ndakhala ndikukulemberazo ndi za ababa. Zina kulibe.

Ku Spain ndikufuna kubwera, usaganize kuti sindikufuna. Pano ndikungoyendayenda ndi satifiketi m'chikwama. Koma ndikachoka, wina amene angawawerengere ayenera kuuzidwa kaye chifukwa chake, ndipo ababa atha kulolera kufa kusiyana n'kuti anene. Sindikudziwa chochita. Chonde usawalembere.

Yadira


Totana, 8 Epulo 2003

Okondedwa ababa,

Ndikupereka moni mwaulemu, ndipo ndikupempha madalitso anu. Anti Targelia, zikomo powawerengera, poti maso awo aja ndikudziwa kuti akuvutabe.

Ababa, sindikonda kukudandaulitsani, koma Yadira sakundiyankha. Mwina sanakuuzeni: ndamupezera malo kuntchito kwathu, ndipo akapanda kubwera Ogasiti asanafike sadzabweranso, malamulo akusintha. Kumeneko alibe ntchito, ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, mutu wake ndi wabwino kuposa wanga.

Chimene chikumugwira ndachidziwa. Pali mwamuna wina amene amapita naye ku Alborada Lachiwiri lililonse. Dzina akubisa. Sindikumudziwa munthuyo ndipo sindikufuna kumunyoza, koma wamukola mwana wanu mkono ndipo sakumusiya. Chaka chamawa ngati chino Yadira adzakhala akadali pamzere wa gancho, anzake onse atapita. Munthu womukondadi akanamumasula.

Inu akumverani. Mulankhuleni.

Mwana wanu,
Nube


Cuenca, 27 Epulo 2003

Nube,

Moni. Makalata athu aphonyana m'njira, ndikudziwa, ndiye sindikukalipira. Ndikungokuuza zimene zachitika.

Kalata yako inafika Loweruka la Pasaka. Ine ndinali kumsika, ndikanakhalapo ndikanailanda. Pobwera ndinapeza Anti atakhala patebulo, magalasi pamphuno, ali pakati poiwerenga mokweza ngati chilengezo cha kutchalitchi. Atafika pa mwamuna wa ku Alborada anaima, anayang'ana ababa, anayang'ana ine, kenako anaphulika. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni. Amvekere alamu, chibwenzi chobisikacho ndi inuyo, pa ukalamba wanuwu mwayamba kusokoneza ana a eni. Anati akauza Doña Zoila, ndinachita kuwagwira dzanja.

Ababa nawonso anaseka pang'ono. Kenako anapempha Anti kuti abwereze mizere yomalizayo. Anti anabwereza akusekabe. Ababa anagwedeza mutu, anapinda kalatayo kanayi n'kuiika m'thumba la malaya, n'kubwerera ku zipewa zawo.

Lachiwiri hafu pasiti thuu anavala jekete ndi chipewa. Ine ndinatenga juzi. Atafika pakhomo anati, “Khala, mija. Ndapeza gancho wina.”

Ndinafunsa kuti ndani. Anati kuyambira liti ana kufunsa akuluakulu za anzawo oyenda nawo. Ndinati nanga magalasi, anati ali m'thumba. Anatuluka.

Ndinakhala pampando, juzi ili pamiyendo, mpaka anabwera sikisi koloko. Sindinalire, sindinakwiye. Ndinamva wailesi ya oyandikana nawo ikulengeza mpira, ndinamva mphika wa Anti ukuwira kuseri kwa khoma. Atabwera ndinawafunsa kuti filimu inali bwanji, anati inali bwino. Anadya, anakagona.

Inali ya wophika wa m'sitima ya pansi pa madzi, ndinkaifuna kwambiri. Anthu akuti pali pamene amaphika supu sitimayo ikumira. Sindinaione ndiye ndilibe maganizo aliwonse.

Kwinako zonse zili momwemo. Kukugwa mvula.

Yadira


Totana, 11 Meyi 2003

Ñaña,

Moni. Kalata yako ya pa 6 Epulo inandipeza patatha masiku anayi nditatumiza ya ababa. Ndinaiwerenga pa nthawi yopuma, nditakhala pa katoni. Belu litalira ndinabwerera kukalongedza. Mnzanga wa ku Loja anandifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta, ndinati ayi. Chimwalirire amayi misozi siituluka, ndimangomva dzanzi ngati la dzanja logonera, koma thupi lonse.

Pepa. Ndilibe mawu ena. Zoti ndinkachita ngati ndikusanza ndikuzikumbuka.

Ndinaganiza zolemberanso ababa, koma awerenge ndani? Anti aseka kachiwiri.

Komabe khomo likutsekeka, silikudikira kuti ife tipepesane. Tikiti ndagula, ndi ya pa 24 Julaye, kunyamukira ku Guayaquil. Sindikukukakamiza. Ukapanda kuigwiritsa ntchito ndi pepala chabe, sindidzaitchulanso.

Pa foni Anti akuti gancho watsopanoyo ndi mayi wamasiye wa ku San Roque, wopaka tsitsi. Ndi zoona? Ngati ndi zoona mwina ndi bwino. Mwina amawerenga.

Nube


Cuenca, 12 Juni 2003

Ñaña Nube,

Moni. Tili bwino, ine chimfine ndi chifuwa basi. Kupaki ayamba kumanga timisasa ta maswiti a chikondwerero cha Corpus, njuchi zafika kale zisanaitanidwe.

Mayi wamasiye kulibe. Anti anamupeka okha, ndipo pano akumuda kale.

Dzana ndinawatsatira. Ndinadikira kuti akhote pa ngodya, ndinavala chipewa cha juzi ngati wakuba wa m'filimu yotchipa. Atafika ku Alborada sanalowe pamzere. Anaima pafupi ndi chithunzi cha filimu, chipewa m'manja. Aliyense wobwera yekha ankamuyandikira n'kunena motsitsa kuti gancho. Ababa athu, Nube, amene sapempha ngakhale mchere patebulo. Msilikali wina anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kudutsa. Atsikana awiri a sekondale anaseka. Pomaliza anavomera mayi wina wonenepa wogulitsa tchizi, wa dengu lake, amene anati akungofuna pokhala miyendo ipume. Don Arcesio sanawachitire chifundo, anati dengu uko, mikono kuno. Analowa atakolowekana.

Ine ndinalowa ndekha. Don Arcesio anang'amba tikiti yanga osandiyang'ana, anangoti sabata iliyonse amakhala wina, sabata yatha anali wokonza maambulera. Ndinakhala mizere inayi kumbuyo kwawo.

Mwa mafilimu onse a padziko, inali ya kukhoti. Kulankhula kokhakokha, opanda hatchi, opanda mfuti, timawu tikungosinthana m'munsi ngati nyerere. Nkhani yake, mzimayi akuimbidwa mlandu wotentha sitolo ya mwamuna wake, koma anatentha ndi mng'ono wake, iye akungovomera kuti amuteteze. Ndi yabwino, ngakhale woweruzayo amachita zokokomeza ndi nsidze. Mayi wa tchizi anagona mphindi khumi zisanathe. Ababa anakhala mowongoka, koma pang'onopang'ono mutu unayamba kupendekera kumbali, kwa munthu woliza mkonono. Akazindikira ankauwongola. Anthu akaseka, iwo ankaseka pambuyo pang'ono. Ine milomo inkangoyenda yokha.

Ndinatuluka msanga, ndinathamanga kudzera njira yachidule, anandipeza ndikusenda mbatata. Sindinafunse kanthu. Anayamba okha, koyamba chiyambire Epulo. Anati inali filimu yokoma, ya mzimayi wofuna kusudzula mwamuna wankhanza, woweruza n'kumukonda mzimayiyo, n'chifukwa chake ankangomuyang'ana. Anati inatha bwino, anabwera kudzamutenga pa galimoto, mng'ono wake akulira ndi chisangalalo.

Galimotoyo inali ya kundende, ñaña. Anamupatsa zaka khumi ndi ziwiri.

Ndinati zikumveka zokoma. Iwo anati, “Waona, mija? Za masiku ano n'zosavuta kumva.”

Ndinapitiriza kusenda. Mbatata zinachuluka, tadya masiku awiri.

Dzulo ndinakajambulitsa zithunzi za pasipoti. Ndatuluka ngati munthu wofunidwa ndi apolisi. Sindikudziwa ngati ndasankha kapena miyendo inangopita. Undiuze ngati kumeneko kumafunika juzi, ndi zimene ndiyenera kuyankha akandifunsa pabwalo la ndege.

Yadira


Cuenca, 29 Juni 2003

Mwana wanga Nube,

Akulemba ndi Anti ako, olankhula ndi bambo ako, magalasi awasowanso.

Akuti Mulungu akudalitse. Akuti kalata yako anaimva ndipo unalankhula zoona, usadandaule. Mwamuna uja alankhula naye ndipo wamvetsa.

Akuti Yadira akubwera pa 24 Julaye. Ukamulandire wekha, usatume munthu. Sadya anyezi wosaphika ngakhale amanamizira kuti amadya. Akayamba kulongolola umusiye, akangokhala chete ndiye umufunse.

Akuti za iwo musade nkhawa, ntchito ilipo, zipewa za ku Guayaquil zachuluka, ndipo Lachiwiri amapita kukanema monga mwa masiku onse. Ine Targelia ndikuwonjezera kuti ndinadzipereka kuti ndizipita nawo, anakana, akuti ndimalankhula kwambiri. Ine. Ndiye azipita ndi wopaka tsitsi wawoyo.

Akutinso, ndipo ichi ine sindikuchimva koma akuti ndilembe momwemo, ukadzamuona mng'ono wako udzamuuze kuti munthu wofuna kubisala m'kanema amayamba wachiza chifuwa.

Basi akuti atha.

Bambo ako, Efraín Armijos
ndi Anti ako amene umawaiwala


Totana, 17 Ogasiti 2003

Okondedwa ababa,

Ndikupempha madalitso anu. Anti, moni, ndipo muwerenge zonse osadumpha.

Ndinafika bwino. Pabwalo la ndege anandifunsa kuti ndabwera kudzatani, ndinati kudzaona matchalitchi, anadinda. Nube anabwera yekha. Waonda, tsitsi anadula, amalankhula mokweza ngati anthu akuno. Tinakumbatirana, kenako tinakwera basi maola asanu, iye anagona paphewa langa njira yonse. Uthenga wanu wa chifuwa anandipatsa. Ndamva.

Kuno kukutentha moti phula limamata ku nsapato. Letesi nyengo yake yatha, tikulongedza mavwende. Ntchito si yovuta kumva: lalikulu uku, laling'ono uko. Manja amatupa koma akuti azolowera. Masiku amafanana kwambiri, Lachiwiri lapitali ndinalizindikira litadutsa kale.

Lero masana Nube ananditengera kukanema ku Murcia, akuti andipepese. Iye chibwerere anali asanalowemo. Gancho kuno samudziwa, nditamukoloweka mkono pakhomo mnyamata wong'amba matikiti anangotiyang'ana. Mipando ndi yofewa, siilira.

Filimuyo inali ya ku Amereka, ya apolisi awiri ndi galu. Magetsi atazima, wapolisi woyamba anatsegula pakamwa n'kulankhula Chisipanishi chathuchi. Wachiwiri chimodzimodzi. Wakuba, woweruza, mayi wogulitsa maluwa, onse. Ndinafunsa Nube ngati talowa ya ana, anati ayi, kuno mafilimu onse amawaika mawu a chilankhulo chathu, ngakhale a ku France, ngakhale a ku China. Amalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa, koma chilichonse chimamveka. Munthu amangokhala n'kumamvera. Pali mkulu wina anakhala kutsogolo kwathu, wa msinkhu wanu, anabwera yekha. Ankaseka pa nthawi yake.

Potuluka Nube anafuna kuti tiyende pang'ono, anandifunsa kuti ndaiona bwanji, poti ine ndiye katswiri. Ndinati galuyo anachita bwino. Anadikira kuti ndipitirize. Tinayenda mpaka pokwerera basi.

Zoona zake, ababa, sindikudziwa kuti inatha bwanji. Maola awiri onse maso anga anali m'munsi mwa chinsalu, ndipo munalibe kanthu.

Mundiuze imene mwaonera sabata ino. Muifotokoze yonse momwe mwaionera inuyo, Anti alemba.

Mwana wanu,
Yadira